Nafumbi ndi Odi wa Kazembe

Ndikuponyereni ndagi, muiwakhe: kanthu aka ukakaitana sikayankha, ukakapatsa moni sikavomera, koma ndi komwe kamatsegulira anzake khomo. N'chiyani?

Wina anena kuti ndi ndege zankhondo zija amati zimadutsa mlengalenga makina a adani osazimva. Wayandikira, koma ndegezo ndi zidzukulu chabe. Agogo awo ndi awa. Vomerani kuti tili tonse, ndiyambe.

Padangokhala, kale mbalame zikadali ndi asilikali ndi maudindo, nkhondo idabuka pakati pa mbalame ndi mileme. Chidayambitsa ndi phanga. Anamzeze adamanga zisa zawo zadothi m'phangamo, naswa ana. Tsiku lina makolo atapita kosaka chakudya, mileme idalowa n'kulanda phanga lonse, ana ali momwemo.

Mayi Namzeze, amene ana ake adatsala m'chisa, adakagwada kwa Kazembe Chiwombankhanga. Kazembe adamema asilikali, nakamanga msasa mumtengo wa mombo woyang'anizana ndi phangalo.

Koma m'phangamo munali mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo mleme sudalira maso. Pakhosi pa phanga padalendewera alonda chadodolido, mkulu wawo Kopolo Makutu. Alondawa ankaimba kanyimbo koonda ngati ulusi, kofunsa kuti akubwerayo ndani, ndi wamkulu bwanji, wanyamula chiyani. Kanyimboko kankatuluka, n'kukagunda chilichonse cholimba, kaya mlomo, kaya chikhadabo, n'kubwerera kudzaulula zonse m'makutu mwa eni ake, ngati kamwana kamiseche kochokera kumsika.

Tsono asilikali a mbalame anali oleredwa bwino. Kazembe ankati msilikali salowa pakhomo pa munthu ngati mbava: amavala mikanda ya udindo wake, ndipo amayamba waodira. Adapita Kabawi waliwiro, naima pakhomo, nati, "Odi!" Adabwerako wopanda mchira. Adapita Nang'omba wamphamvu, atanyamula miyala, mikanda ikuchita phokoso m'khosi, nati, "Odi!" ndi mawu ake aja onga ng'oma. Adabwerako wapansi, ndipo mpaka lero amakonda kuyenda wapansi.

Kamba adatha. Mimba zidayamba kulira. Apo m'pamene Sajeni Khwangwala adakweza maso, naona masamba a mombo uja atadzaza mphalabungu.

"Bwana Kazembe, ife tikugona ndi njala ndiwo zili pamutu pathu," adatero Khwangwala. "Taonani kunona kwake."

"Mawa mugawire asilikali," adayankha Kazembe.

Mphalabunguzo zinali ana a Nafumbi. Nafumbi anali kadziwotche, gulugufe wotuwa uja, thupi lonse ubweya, mapiko fumbi lokhalokha ngati wachokera kuchigayo. Pakamwa ndiye panalibe chitseko. Ankalankhula podzuka, ankalankhula pakudya, kutulo ankayankhana yekha. Mawu a Kazembe aja adawamva iye ali kuseri kwa tsamba. Ana ake ankafunika kanthawi pang'ono chabe, kodya masamba mpaka kukhuta. Chomwe chimachitika mphalabungu ikakhuta ankachidziwa mayi wawo, mbalame sizinkachidziwa.

Nafumbi adauluka, nakatera pamlomo penipeni pa Kazembe.

"Bwana, ndiwo zanu zatuma nthumwi."

Kazembe adasonkhanitsa maso pamphuno. "Sajeni, pamlomo panga pali kanthu, ndipo kakulankhula."

"Kamezeni, bwana, kasiya."

"Mukandimeza mutsokomola mpaka chaka chamawa," adatero Nafumbi. "Ine ndi fumbi lokhalokha. Koma m'phanga likukuvutanilo ndimalowamo ngati m'nyumba mwa amalume anga, Makutu osandimva."

Linali bodza. Sadalowemo n'kamodzi komwe. Chomwe ankadziwa n'chakuti tsiku lina mleme udamuimbira pafupi n'kumudutsa ngati palibe kanthu, ndipo kuyambira pamenepo ankaganiza kuti mwina ubweya wake umameza nyimbo.

"Ndikutsegulirani khomo," adapitiriza. "Inu mulumbire kuti nkhondo ili mkati, ana angawa palibe awajompha."

"Nanga ikatha?" adafunsa Khwangwala.

"Ikatha tidzakambirana, Sajeni. Mwafulumira bwanji?"

Kazembe adayang'ana Kabawi wopanda mchira, nayang'ana Mayi Namzeze amene maso adatupa n'kulira. Adalumbira.

Nafumbi adanyamuka chimanjamanja. Atafika pakhosi pa phanga, kanyimbo kaja kadabwera kudzamufunsa mafunso ake. Adakamva kakumukhudza pamsana, kozizira, ndipo adatsinzina kudikira mano. Koma kanyimboko kadalowa mu ubweya ngati madzi mumchenga, osatulukanso.

"Kuli bata," adatero Makutu poyasamula.

Nafumbi adadutsa pansi pa mphuno yake. Moni adafika pamilomo mwachizolowezi, iye n'kumubweza. Adaona pomwe alonda alendewera, adaona chipinda chogona khamu lonse la mileme, napeza khoma la zisa. Ana a namzeze anali moyo, koma mawu atawathera. Mileme inkangowaponyera makoko a zipatso kuti asafe, poti ndiwo anali chishango chake.

Pobwerera kumsasa adapeza asilikali atazungulira.

"Waona chiyani?" adafunsa Kazembe.

"Kuti mumvetse bwino, bwana, ndiyambire pa ukwati wa agogo anga."

Adayambira pamenepodi. Adafotokoza za mvula idagwa paukwatiwo, za mlamu wake wakuba, za maloto adalota ali mwana. Kazembe akati alankhule, iye, "Ndikufika, bwana, ndikufika." Za phanga adazifika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo, pamwamba pa mitu yawo, ana ake ankatafuna masamba osapuma.

Komabe zomwe adanena pomaliza zinali zoona, ndipo Kazembe adakondwa.

"Kuyambira lero ndiwe msilikali. Ndipo msilikali wanga sapita kunkhondo ali maliseche. Sajeni, mkanda ndi mkondo!"

Adamumanga mkanda wofiira m'khosi, namupatsa munga wa mthethe. Kunena chilungamo, Nafumbi adaukonda mkandawo. Chibadwire palibe adamuvekapo kanthu. Adazungulira mtengo wonse kuti ana ake amuone.

Adapitanso, kuti akabaye Makutu. Kanyimbo kaja kadabwera ndi mafunso ake omwe aja. Ubweya udameza gawo lake. Koma mkanda ulibe ubweya. Kanyimbo kadagunda mkanda, kadagunda munga, n'kuthamangira kwa eni ake.

"Anyamata!" adakuwa Makutu. "Kuli mkanda ukuuluka wokha, munga ukuutsata pambuyo! Gwirani!"

Mapiko adadzaza phanga. Chikhadabo chidamukwapula Nafumbi paphewa, ubweya n'kuzuka. Iye adataya munga, naluma chingwe cha mkanda. Mkanda udagwa, nudumphadumpha pamiyala, mileme yonse n'kuutsatira pansi. Njira idatseguka.

Akadangotuluka mwakachetechete bwenzi zili bwino. Koma atafika pakhomo n'kuona kuwala, chitseko cha pakamwa chija chidakankhika.

"Makutu ngati malichero koma osamva! Ndine Nafumbi, make wa mphalabungu za pa mombo paja! Ndibweranso, mundisungire mkanda wanga!"

"Zikomo, mayi," adayankha Makutu mumdima, mofatsa. "Mwatidziwitsa."

Kumsasa Khwangwala adamulandira ndi mlomo wonola.

"Khomo lija lili kuti? Bwana, kanthu aka kakutinamiza. Asilikali akudya makungwa."

"Ndidalumbira," adatero Kazembe, koma maso ake nawonso ankapita kumasamba. "Iwe, ulendo wotsatira ndi womaliza. Ukalephera, lumbiro latha."

Nafumbi adakabisala kuseri kwa khungwa. Paphewa panali dazi, khungu lili poyera, ndipo ankadziwa kuti kanyimbo kaja kakangogunda pamenepo, kakaulula. Ali chiganizire, mthunzi udamuphimba. Anali Mayi Namzeze.

"Musaope, mayi mnzanga. Ndadya kale makungwa. Tandionetsani balalo."

Namzeze adaliyang'ana, kenaka adaweramira pachifuwa pake n'kuyamba kuzula nthenga zofewa zija amayalira ana m'chisa. Adatapa utomoni, nayamba kumata, pang'onopang'ono, monga amamatira dothi pomanga.

"Ana anga mudawaona bwinobwino?" adafunsa.

"Ndidawaona. Kamodzi kali ndi kadontho koyera pamutu, kamayasamula kuposa anzake."

"N'kachitsiriza. Kadatengera bambo ake." Namzeze adapitiriza kumata. "Ndikuuzeni zoona, ine abale anu ndadyapo ambiri."

"Ndikudziwa. Azakhali anga mudawadya ndikuona. Anali okoma?"

"Anali owawa."

"Ndi iwowo basi," adatero Nafumbi. "Ngakhale ali moyo anali choncho."

Adaseka awiriwo, kuseka kwa anthu omwe misozi ili pafupi. Utomoni udachedwa kuuma, ndipo Nafumbi sadauthamangitse. Pamwamba, ana ake anali atatupa ngati zala, ena atayamba kuleka kudya.

Utauma, adakaima pamaso pa Kazembe.

"Ndikufuna ubweya wa chitedze, wokulunga mu ulusi wa kangaude. Ndikufunanso nyenje zonse za m'dera lino zikakhale pakhomo pa phanga, zili chete."

"Ndi mkanda wina," adatero Kazembe.

"Ayi, bwana. Chakunja chimayankha. Chilichonse ndinyamule chikhale mkati, pansi pa mimba, ubweya utachiphimba."

"Kachitedze kochepa chonchi kangagonjetse phanga lonse?" adanyoza Khwangwala.

"Ndani wati ndikukagonjetsa phanga? Ine ntchito yanga n'kutseka pakamwa alonda. Zogonjetsazo n'zanu, inu a mapiko akuluakulu."

Kazembe adagwedeza mutu, koma nkhope idali yosamasuka. "Zonsezo ndamva. Koma odi yekha sitingamusiye. Chiwombankhanga kulowa m'nyumba mwa eni osaodira? Makolo anga angandilavulire."

Nafumbi adaganiza msanga. "Bwana, odi wa pakhomo ndi wa anthu wamba. Wanu ndipatseni ine, ndikamutule mkati mwenimweni, pamaso pa eni nyumba. Mukangomumva, lowani."

Kazembe adaona kuti umenewo ndi ulemu woposa. Adawerama, namunong'oneza odi wake, Nafumbi n'kumulandira ndi manja awiri.

Adanyamuka dzuwa likuswa mtengo. Pocheuka adaona ana ake akadali pamasamba, ndipo Khwangwala atakhala panthambi yapafupi nawo.

Kanyimbo kaja kadabwera, kadamupapasa pamutu, pamapiko, paphewa pomatidwa paja. Nthenga za Namzeze zidakameza. Kadabweranso, kadabweranso, osapeza chokaulula. Kenaka kadaleka. Mumdima mudamveka mawu a Makutu, okoma ngati uchi.

"Takulandirani, mayi Nafumbi. Sindikukumvani, koma mtima ukundiuza kuti mwafika. Mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji?"

Inu, moni wosayankhidwa amalemera. Nafumbi adaleredwa ndi mayi amene ankakoka khutu mwana wochedwa kuvomera. Yankho lidakwera lokha kukhosi. Adaliluma, nakupiza mapiko pang'onopang'ono, kukwera chakudenga.

"Kodi mwakwiya?" adapitiriza Makutu. "Mkanda wanu uja tausunga. Anyamatawa akuti unkakukhalani ngati wamangidwa m'khosi mwa chule. Akutinso chibadwire simunasambe. Ine ndakana, ndati mwina kamodzi."

Alonda ena adaseka. Nafumbi anali ndi mayankho okwana mtanga, onse akuthwa, onse akukankhana pakhomo pa mlomo. Chitedze nacho chinali chitayamba kuboola ulusi, pamimba pakuyabwa ngati moto. Sadakande. Sadayankhe.

Makutu atayambanso, mawu adatsika ngati a munthu wopepesa pamaliro.

"Pepani, mayi, ndimati ndisanene. Mnyamata wanga wasuzumira kunja posachedwapa. Waona khwangwala akupukuta mlomo pa mombo paja. Akuti ana anu ngonona."

Nafumbi adatsika pang'ono, mdima ukuzungulira. Adaona m'maganizo nthambi ija, mlomo wakuda uja. Kulira kudadzaza chifuwa, ndipo makutu onse a alonda anali atatcheredwa, kudikira kamawu kamodzi kokha. Ndipo iye adadziuza chamumtima: ngati n'zoona, kulira sikuwadzutsa, ngati n'zabodza, kulira kwangaku ndi komwe kuwaphe. Paphewa ankamva kufunda kwa nthenga za mayi mnzake. Adameza kulirako monga ubweya wake umamezera nyimbo, nakwera mpaka kudenga, pamwamba pa mapazi a alonda.

Apo adatulutsa kamtolo kaja. Makutu adaimba mwadzidzidzi, kanyimbo n'kugunda kamtoloko kali poyera.

"Uyo! Ali pamwam..."

Adachedwa. Chitedze chidawaza m'mimba, m'khwapa, m'makutu akuluakulu aja, ngakhale m'kamwa moyasamula kuimba.

Tsono mleme umalendewera ndi mapazi, ndipo umakandanso ndi mapazi omwewo. Makutu adamasula phazi limodzi, nakanda. Sikudakwane. Adalimba mtima, adaluma mano, adatchula mayina a makolo ake. Kenaka adamasula linalo.

Khu!

Anzake nawonso, khu! khu! Nyimbo idasanduka mayomayo. Pakhosi pa phanga padalibenso wofunsa kuti akubwerayo ndani.

Apo Nafumbi adakoka mpweya, natsegula chitseko chonse.

"Odiii! Odi kuno eni nyumba! Odi wa a Kazembe Chiwombankhanga! Ndaswera bwino, a Makutu, kaya inu! Ndipo chule ndi inuyo, taonani m'mene mukudumphira!"

Nyenje ya pakhomo idamva, niyamba kulira. Inzake idalandira, inanso, mpaka phokoso lidadzaza phanga ngati madzi mumtsuko. Khamu la mileme lidadzidzimuka kutulo, mleme uliwonse n'kuimba kanyimbo kake, koma chobwerera m'makutu chinali nyenje zokhazokha. Mileme idayamba kugundana mitu, kulumana yokhayokha.

"Atiodirira," adatero Kazembe kunja, mtima uli m'malo. "Tiyeni."

Nang'omba adalowa n'kuima pakhomo pa chipinda chogona chija, mapiko atatambasula. Kabawi adathamangitsa otsala. Anamzeze sadasochere, adalunjika kukhoma lomwe Nafumbi adawauza, aliyense n'kunyamula wake. Makutu, akukandabe, adapempha mtendere: kukhomo kwa phanga kukhale kwa anamzeze, kumtima kwake kukhale kwa mileme. Kazembe adavomera, chifukwa adapemphedwa mwaulemu.

Nafumbi sadadikire zonsezo. Adathamangira ku mombo. Adayang'ana nthambi yoyamba: mbee. Yachiwiri: mbee. Masamba odyekadyeka, mwana n'mmodzi yemwe. Adatera pakhungwa, mawu atamuthawa koyamba chibadwire.

Mayi Namzeze adatera pambali pake, kachitsiriza kaja kali pamsana.

"Pumani, mayi mnzanga," adanong'ona. "Atsika okha. Asilikali onse maso anali kuphanga kudikira odi, ana anu n'kumatsika ndi thunthu, mmodzimmodzi, n'kumalowa m'dothi. Ine ndinali mzere wakumbuyo. Sajeni atati acheuke, ndinatambasula mapiko, ndati ndikuwongola msana."

Ndicho chija mbalame sizinkachidziwa: mphalabungu ikakhuta imatsika, n'kudzikwirira pansi, n'kugona mpaka itamera mapiko. Nafumbi adalira tsopano, kulira konse adakumeza m'phanga kuja, Namzeze atamuphimba ndi phiko.

Pachikondwerero, mikanda idagawidwa. Nang'omba adalandira, poti aliyense adamuona ataima pakhomo. Kabawi adalandira, poti aliyense adamuona akuthamangitsa. Za Nafumbi asilikali ankafunsana: kodi adalowadi? Adamuona ndani? Kazembe yekha adati odi wake sadayende yekha, natulutsa mkanda wina wofiira.

"Zikomo, bwana," adatero Nafumbi. "Uja unandikwana."

Khwangwala adakonza kukhosi. "Nkhondo yatha, lumbiro latha. Mayi, munati tidzakambirana." Adakweza maso kumasamba, mlomo uli yasa. Adayang'ana uku, adayang'ana uko. "Ndiwo zija zili kuti?"

"Aitaneni, Sajeni," adatero Nafumbi. "Apatseni moni. Mwina ayankha."

Asilikali adaseka mpaka nthambi kugwedera, ndipo Kazembe naye adabisa mlomo kuphiko. Mmene kuseka kunkatha, pomwe adakhala Nafumbi panali kafumbi chabe. Palibe adamuona akuchoka.

Ndagi ija yadziyankha: kanthu kosavomera moni koma kotsegulira anzake khomo ndi kadziwotche, Nafumbi ndi zidzukulu zake zonse.

Madzulo a tsikulo anamzeze adabwerera m'zisa zawo, nayamba kumata mong'ambika. Mayi Namzeze adafotokozera ana ake zonse, za mkanda, za chitedze, za dazi lomwe linali pachifuwa pake. Anansi adaleka kumata n'kumamvetsera. Atamaliza, kachitsiriza kaja, ka kadontho koyera pamutu, kadatulutsa mutu m'chisa.

"Amayi, poti ife sitinamuone, nanga ana akewo akadzamera mapiko, tidzawadziwa bwanji kuti tisawadye?"